Lamulo la 1966 ndi Ana a Zilankhulo Zambiri

M'caka ca 1966, pamene John Mwanakatwe anali nduna ya maphunziro, lamulo linakhazikitsa Cingelezi kukhala cilankhulo cophunzitsira m'Zambia kuyambira Giredi 1. Cifukwa cimodzi cinali cakuti m'matauni monga Lusaka ndi Kitwe, kalasi imodzi inkasonkhanitsa ana a zilankhulo zambiri, ndiponso makolo ankasamutsidwa pa nchito cigawo ndi cigawo. Vutolo linalipodi, cimene tikutsutsa ndi njira imene anasankha.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, Eddie Williams anayesa ana a pulaimale a m'Zambia ndi a ku Malaŵi, kumene ankaphunzira m'Cicewa kufikira Sitandade 4. Pa kuŵerenga Cingelezi sanasiyane kwenikweni, koma pa kuŵerenga Cinyanja a ku Malaŵi anawaposa kwambiri anzawo. Ana athu anamanidwa cilankhulo ca kwawo, Cingelezico osacidziŵanso bwino.

Ndondomeko ya 1996, Educating Our Future, inalola kuti ana ayambe kuŵerenga m'cilankhulo ca m'Zambia. Komabe masukulu anagwiritsa nchito zilankhulo 7 za zigawo zokha. Motero mwana wolankhula Cisoli ku Chongwe anapatsidwa buku la Cinyanja, cosakhala cilankhulo ca amake.