Tinavotera Aphungu, Olemba Malamulo Ayi

Pa masankho a Okutobala 1962 mavoti sanali olingana. Mipando 15 inali ya kaundula wapamwamba, wa anthu andalama ndi amaphunziro, ambiri a iwo azungu. Ina 15 inali ya kaundula wapansi, momwe munadzaza makolo athu, ndipo 15 yotsala inali ya magulu onse awiri. Azungu ochepa chabe analemera ngati khamu lonse. Mu Januwale 1964 wamkulu aliyense anavota, ngakhale mipando 10 inasungidwirabe azungu.

Ufulu wosankha aphungu tinaupeza motero. Nanga wosankha olemba malamulo aakulu a dziko? Komishoni ya Mwanakatwe mu 1995 inapempha msonkhano wa oimira anthu kuti ndiwo uvomereze malamulowo. Boma la Chiluba linakana, ndipo malamulo a 1996 anatsekera Kaunda panja. Ya Mung'omba mu 2005 inabwereza pempho lomwelo. Mwanawasa anatipatsa NCC mu 2007, nthumwi zake zochokera m'nyumba ya malamulo, m'zipani ndi m'mabungwe. Panalibe tsiku loti ife a ku Mtendere tiime pamzere kusankha nthumwi zimenezo. Zinakhala ku Mulungushi mpaka 2010, maalawansi akulowa m'matumba, ndipo mu Marichi 2011 bilu yake inagwa m'nyumba ya malamulo.