Combo Cimene Cinanyamula Imfa ku Zilumba za Pacific

Akuluakulu a kwathu kuno ankasimba za fuluwenza wa caka ca 1918, amene anatsata njanji kucokera ku South Africa nasiya maliro m'migodi ndi m'midzi. Lero tikambe za nthenda yomweyo, koma ca kutali, pa zilumba za m'nyanja yaikuru ya Pacific, kumene combo cimodzi cinaononga anthu koposa nkhondo.

Comboco dzina lace Talune. Cinanyamuka ku Auckland, m'dziko la New Zealand, kumapeto kwa October 1918, nthenda ikufalikira mumzindamo. Cinayamba caima ku Suva, ku Fiji, kumene cinatenga anyamata onyamula akatundu. Ndipo pa 7 November cinakoceza ku Apia, doko la Samoa ya kumadzulo. M'combomo munali odwala, komabe a pa doko analola apaulendo onse kutsika ndi kupita kwao. Patapita masiku 4 dziko lonse linali kukondwera kuti nkhondo ya Ajeremani yatha, pamene ku Apia anthu anali atayamba kugwa.

Samoa ya kumadzuloyo inali m'manja mwa asilikari a New Zealand, amene anailanda kwa Ajeremani mu 1914, ndipo wolamulira anali Colonel Robert Logan. Anthu a dzikolo anali pafupi 38,000. Onse amene anamwalira anali pafupi 8,500, ndiye kuti pa anthu 5 ali onse mmodzi, ndi kupitirirapo. Cobvuta ca nthendayi ncakuti inkakantha makamaka amuna ndi akazi a mphamvu zao, amene akadasamala odwala. Tsono mudzi wonse ukagona, panalibe wokumba cakudya kumunda, panalibe wotunga madzi, ndipo ena amene akadacira anafa ndi njala. Mitembo ankaiika yambirimbiri m'dzenje limodzi. Mafumu ambiri ndi abusa a mipingo anatha, napita nayo mbiri ya mafuko imene anaisunga pamtima.

Apa ndipo pali codabwitsa. Tsidya la kum'mawa, ulendo wosafika mamailosi 100, kuli zilumba za Samoa zolamulidwa ndi America. Anthu ace ndi amodzi omwewo, cinenero cimodzi, maukwati amodzi. Bwanamkubwa wa kumeneko, John Martin Poyer, atamva za mliri pa wailesi sanadikire lamulo locokera kwao. Anatseka doko la Pago Pago, ndipo mafumu anaika anthu ao olonda magombe kuti bwato lililonse la abale othawa nthenda lisakoceze. Kubweza mbale wako ali pa madzi ndi cinthu cowawa, koma kumeneko sikunafe munthu ngakhale mmodzi ndi fuluwenzayo. Poyer anatumiza mau kuti ali wokonzeka kupereka madotolo ku Apia. Logan sanalabadire, ndipo analamula kuti wailesi ya ku Pago Pago asalankhule nayonso. Ife tiona kuti kusazindikira kwa pa doko munthu angakukhululukire. Kukana cithandizo anthu alikufa ndi nkhani yina.

Talune cinapitirira ku Tonga, ndipo kumenekonso anafa anthu pafupi 8 pa 100 ali onse. Ku Fiji anafa pafupi 9,000. Boma la Australia linatumiza combo ca nkhondo, Encounter, ndi madotolo ndi mankhwala, koma cinafika manda atadzala kale.

Mu 1919 bungwe lofufuza linapeza kuti nthenda inalowadi ndi Talune, ndi kuti oyang'anira analephera pa nchito yao. Asamoa sanaiwale. Mkwiyo wao unalimbitsa gulu lofuna ufulu lochedwa Mau, dzina la m'cinenero cao limene lingofanana ndi liu lathu. Pa 28 December 1929 apolisi anaombera gululo ku Apia napha mtsogoleri wao, Tupua Tamasese Lealofi III. Samoa ya kumadzulo inalandira ufulu pa 1 January 1962. Mu June 2002 nduna yaikuru ya New Zealand, Helen Clark, anaimirira ku Apia napepesa kwa Asamoa, ndipo mwa zolakwa zimene anachula munali kuloledwa kwa combo cija kukoceza ciri ndi odwala.