Ulamuliro wa Nthawi ya Ngozi ku India (1975–1977)

Nyengo ya miyezi 21 pamene boma la Indira Gandhi linaimitsa ufulu wa nzika ponena kuti likuteteza dziko ku chisokonezo. Inayamba pa 25 Juni 1975, patangopita masiku ochepa khoti la ku Allahabad litagamula kuti mayiyu anaphwanya malamulo pachisankho cha 1971. Otsutsa boma, monga Jayaprakash Narayan ndi Morarji Desai, anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo nyuzipepala zinatsekedwa pakamwa. Chomvetsa chisoni kwambiri chinachitika mu 1976: khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti womangidwa sangakadandaule kukhoti. Woweruza mmodzi yekha, H. R. Khanna, ndiye anakana. Gandhi anagonja pachisankho cha 1977, ndipo mu 1978 malamulo anasinthidwa kuti ufulu wokhala ndi moyo usadzaimitsidwenso.