Ndani amamuyesa womasulira? Nkhani ya compiler kuchokera ku Pentagon



Mlaliki akamalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira m'Chichewa, mpingo wonse umakhala m'manja mwa womasulirayo. Akapotoza liwu limodzi, anthu amabwerera kwawo ndi uthenga wina. Compiler ndi womasulira wotero. Imatenga zomwe munthu walemba mu C kapena COBOL n'kuzisandutsa malamulo amene kompyuta imamva. Nanga iyeyo amamuyesa ndani?

Kuno ku dera la Washington funsoli ndi lakale. Pa 28 ndi 29 May 1959 kunali msonkhano ku Pentagon, ku Arlington, womwe unabala chilankhulo cha COBOL. Kampani iliyonse inapanga compiler yakeyake, ndiye pulogalamu yoyenda bwino pa makina ena inkachita zina pa makina a kampani ina. Mu 1967 asilikali apamadzi a America anaitananso Grace Hopper, yemwe anali atapuma kale pa ntchito, kuti akonze chisokonezochi. Gulu lake linalemba mapulogalamu oyesera compiler. Nzeru yake ndi yosavuta: umaipatsa pulogalamu yomwe yankho lake ukulidziwa kale, ikatulutsa lina, yalephera mayeso. Mayiwa anawaitana kwa miyezi 6 yokha, koma anakhala mpaka 1986. Manda awo ali ku Arlington konkuno.

Unduna wa zachitetezo unapitiriza mwambowu ndi chilankhulo cha Ada, chomwe malamulo ake anakhazikitsidwa mu 1983. Compiler yosakhoza mayeso sinkaloledwa kutchedwa ya Ada. Ada ndi yokhwima pa mitundu ya manambala. Nambala yaikulu ikakankhidwira m'malo aang'ono, pulogalamu imaima n'kunena kuti pali vuto.

Kukhwimaku kunaoneka pa 4 June 1996, kutali ndi kuno, ku Kourou ku French Guiana. Roketi ya mayiko a ku Ulaya, Ariane 5, inaphulika patangopita masekondi pafupifupi 40 ikunyamuka, itanyamula masetilaiti 4 a Cluster. Pulogalamu yake ya Ada, yotengedwa ku Ariane 4, inkasintha nambala ya 64-bit yokhala ndi madesimo kukhala nambala yathunthu ya 16-bit, yomwe sipitirira 32,767. Zili ngati kukhuthulira chidebe chonse m'kapu. Ariane 5 inkathamangira cham'mbali kwambiri kuposa mkulu wake, nambala inasefukira, kompyuta yoyeza kayendedwe ka roketi inazima. Yothandizira nayo inali itazima kale pa chifukwa chomwecho, poti pulogalamu inali imodzi. Wina angaganize kuti compiler ndiyo inalakwa. Ayi ndithu. Komiti yofufuza ya Jacques-Louis Lions inapeza kuti mwa manambala 7 omwe akanatha kusefukira, akatswiri anateteza 4 okha, pofuna kuti kompyuta isalemedwe ntchito.

Nkhani yomwe ine imandisowetsa mtendere ndi ya null. Pointer ili ngati adiresi ya nyumba m'memory, ndipo null ndi adiresi yosaloza nyumba iliyonse. Tony Hoare anaiika m'chilankhulo cha ALGOL W mu 1965, ndipo mu 2009 ku London anavomera poyera kuti cholakwa chakecho chawonongetsa ndalama zofika biliyoni imodzi ya madola.

M'chaka chomwecho, mwezi wa July, Brad Spengler anaonetsa momwe munthu wamba angalandire ulamuliro wonse pa Linux 2.6.30. Mu driver yotchedwa tun, wolemba anayamba wagwiritsa ntchito pointer, kenaka m'munsi mwake n'kufunsa ngati ili null. Kulowa kaye m'nyumba, odi n'kubwera pambuyo. Compiler ya GCC inaganiza motere: malamulo a C salola kugwiritsa ntchito pointer ya null, munthuyu waigwiritsa kale ntchito, ndiye kuti si null, funso lakeli n'longotaya nthawi. Inalichotsa. Ukawerenga code, mlonda ali pakhomo. Mu pulogalamu yomwe ikuyenda, mlondayo mulibe.

Apa ndiye pali mkangano. Mwalamulo GCC sinalakwe, ndipo mayeso a mtundu wa Hopper ikanakhoza bwinobwino, chifukwa mayesowo amaona ngati compiler ikutsata malamulo, pomwe apa malamulo eni akewo ndi amene anasiya mpata. Koma kwa ine, womasulira amene wadumpha chiganizo chonse mwakachetechete chifukwa waona kuti mlaliki akudzitsutsa, ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. A Linux anakonza mbali zonse ziwiri: anasuntha mzere uja kuti funso lizibwera poyamba, n'kuwonjezera lamulo la -fno-delete-null-pointer-checks loletsa GCC kuchotsa mafunso otere mu kernel yonse.

Zolakwa zenizeni za compiler nazonso zilipo, musaganize kuti ndikuiikira kumbuyo. Ku University of Utah, gulu la John Regehr linapanga Csmith, chida chomwe chimapeka mapulogalamu a C osaphwanya lamulo lililonse, n'kuwapereka kwa ma compiler angapo. Imodzi ikasiyana yankho ndi zinzake, ndiye kuti penapake pali vuto. Pofika 2011 anali atapeza zolakwa zoposa 325, kuphatikizapo mu GCC ndi LLVM.

Tikumanenso m'gawo lotsatira.