Ayezi wa ku Arctic ndi madzi a Zambezi

Ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi moyang'anizana ndi Zumbo, ayezi ndi chinthu chogula, chosungira nsomba kuti zisawole. Koma kumpoto kwenikweni kwa dziko pafupifupi nyanja yonse ya Arctic imaundana yokha, ndipo ayezi ameneyu wakhala akuchepa.

Mu 1893 Fridtjof Nansen analowetsa dala sitima yake, Fram, mu ayeziyo, ndipo inakanirira momwemo pafupifupi zaka zitatu. Chaka chimene inatuluka, 1896, Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka dziko lidzatentha. Ankayesa kuti zimenezo n'zakutali kwambiri.

Mu 1958, chaka chimene khoma la Kariba linatseka Zambezi, Charles Keeling anayamba kuyeza mpweyawo pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Anapeza magawo 315 pa miliyoni; lero apitirira 420. Gwero lake lalikulu ndi malasha, mafuta ndi gasi. Matumba a makala opita ku Lusaka pa Great East Road amawonjezera, inde, koma ndi pang'ono poyerekeza ndi utsi wa mayiko olemera.

Kuyambira 1979 masetilaiti akujambula ayeziyo. Amene amatsala mu Seputembala, nyengo yozizira ya kumeneko isanabwerere, wakhala akuchepa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 zaka khumi zilizonse, ndipo mu 2012 anatsika mpaka masikweya kilomita 3.4 miliyoni. Choipa n'chakuti kusungunukako kumadzikolezera. Ayezi ndi woyera, amabweza dzuwa. Akachoka pamatsala madzi akuda amene amamwa kutentha, ngati malaya akuda mu Okutobala wa m'chigwa muno. Madziwo akafunda amasungunula ayezi winanso, ndipo woundana m'nyengo yozizira yotsatira amakhala wopyapyala. N'chifukwa chake Arctic ikutentha mofulumira kuposa dziko lonse. Kummwera, ku Antarctica, ayezi wa panyanja analimba mpaka 2014, kenaka n'kugwa. Mu 2023 anachepa kuposa zaka zonse zam'mbuyo zimene anayezedwa.

Kunena kuti ayeziyu ndiye anaumitsa minda ya ku Luangwa kungakhale kunama. Chilala cha 2024 chinabwera ndi El Niño. Komabe kutentha komwe kukudya ayezi kumaumitsanso nthaka msanga ndi kuphwetsa madzi m'madamu. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse la Zambia, ndipo pofika Seputembala madzi a Kariba anali atachepa moti magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse.