Mbiri ya Buku la Michelin, Kalozera wa Apaulendo ku France

Buku la Michelin, limene lero limatchuka chifukwa cha nyenyezi zimene limapereka kumalo odyera, linayamba m'chaka cha 1900 ngati kabuku kothandiza oyendetsa galimoto. Analiyambitsa ndi anthu awiri apachibale, André ndi Édouard Michelin, eni fakitale ya matayala mumzinda wa Clermont-Ferrand, pakatikati pa dziko la France. Pa nthawiyo galimoto m'dziko lonselo sizinkakwana 3,000, koma iwo anasindikiza timabuku pafupifupi 35,000 n'kumagawa kwaulere. Nzeru yake inali yamalonda: munthu akamayenda mitunda italiitali matayala amaperepeseka msanga, ndipo amabweranso kudzagula ena.

Masiku amenewo ulendo wa pagalimoto unkafuna kulimba mtima. Misewu yambiri inali yafumbi, yoyendamo ngolo za akavalo, ndipo matayala ankaphulika kawirikawiri. Malo omwetsera mafuta kunalibe. Petulo ankagulidwa m'zigubu zachitsulo kumagolosale ndi kumashopu ena ang'onoang'ono, ndipo mlendo sakanadziwa kuti m'tauni imene wafikayo angamupeze khomo liti. Kabukuko kanayankha mavuto omwewa. Kanandandalika matauni motsatira alifabeti, n'kusonyeza kogula mafuta, kopeza makaniko, kogona, ndiponso ngati pamalopo pali siteshoni ya sitima kapena positi ofesi. Masamba ena ankaphunzitsa kumasula tayala ndi kumata chubu. Za chakudya sizinali nkhani yaikulu.

Ntchito ina ya kampaniyi, imene ambiri anaiiwala koma yofunika kuposa nyenyezi, inali yokhudza misewu yeniyeniyo. Mu 1910 inayamba kusindikiza mapu a oyendetsa galimoto. Mu 1912 André Michelin anasonkhanitsa masiginecha a anthu opempha boma kuti misewu ilembedwe manambala oonekera kwa apaulendo, ndipo boma linavomera chaka chotsatira. Kenako kampaniyo inayamba kuzika zikwangwani zake m'mphambano, zina za konkire zokhala ndi mwala wa kuphiri lophulika wopakidwa utoto wosasuluka. Zingapo zikadalipo m'midzi ya ku France.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaimitsa bukuli. Litabwerera, mu 1920 linayamba kugulitsidwa pamtengo wa mafuranki 7. Nkhani imene kampaniyo imakonda kusimba ndi yakuti André, atalowa m'galaja ina, anapeza mulu wa mabukuwa atautsamiritsira ku mwendo wa tebulo logwirirapo ntchito, ndipo anazindikira kuti chaulere anthu sachisamala. Zotsatsa malonda a ena anazichotsamo, ndipo m'kupita kwa nthawi analemba ntchito anthu oyendera malo odyera mwachinsinsi. Woyenderayo amafika ngati kasitomala wamba, kudya, kulipira yekha, n'kuchoka osadziulula. Kudalirika kwa bukuli kwagona pa mwambo umenewu.

Nyenyezi yoyamba inaperekedwa mu 1926, ndipo kuyambira mu 1931 malo odyera anayamba kusiyanitsidwa ndi nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu. Muyeso wake ndi wa pamsewu. Imodzi imasonyeza malo ophika bwino kwambiri, ziwiri ndi malo oyenera kupatukirako ngakhale ali kunja kwa njira, pamene zitatu ndi malo oyenera kunyamukira ulendo wapadera. Izi zinakweza ophika a m'zigawo, kutali ndi Paris. Mu 1933 Eugénie Brazier, mayi wobadwira kumudzi, analandira nyenyezi zitatu pa lesitilanti yake ya ku Lyon ndi zitatu zina pa ya ku Col de la Luère. Chaka chomwecho Fernand Point analandiranso zitatu pa La Pyramide m'tauni ya Vienne, imene ili pamsewu wa Nationale 7, njira imene anthu a ku Paris ankatsikira popita ku nyanja ya Mediterranean.

Nkhondo yachiwiri inalipatsa bukuli ntchito imene eni ake sanaiganizirepo. Pokonzekera kulowa m'dziko la France mu 1944, asilikali a mayiko ogwirizana anafuna mapu odalirika a matauni, popeza ankayembekezera kupeza zikwangwani zambiri zitazulidwa. Buku la 1939 linasindikizidwanso ku Washington n'kugawidwa kwa akuluakulu a asilikali.

Mu 1997 munawonjezedwa chizindikiro cha Bib Gourmand, cha malo a chakudya chabwino pamtengo wofikirika, chimene chimathandiza mlendo wa ndalama zochepa kuposa nyenyezi. Bukuli linafikanso kumayiko akutali: la New York linatuluka mu 2005, la Tokyo mu 2007, ndipo tsopano zambiri zimapezeka pa intaneti.

Ulemu wa nyenyezi uli ndi kulemera kwake. Kutaya imodzi kumachepetsa makasitomala, ndipo wophika amakhala ndi nkhawa kuti mbale iliyonse yotuluka m'khitchini ingathe kufika pamaso pa woyendera. Mu 2017 Sébastien Bras wa ku Laguiole, amene lesitilanti ya banja lake inali ndi nyenyezi zitatu kuyambira mu 1999, anapempha kuti amuchotse m'bukumo kuti aziphika ndi mtima wokhazikika. Anamuchotsadi m'buku la 2018, koma mu 2019 anamubwezeramo ndi nyenyezi ziwiri.