CHIFUKWA CHAKE SITILANDIRA UKARISTIYA KWA ABALE ATHU A KATOLIKA



Sabata yatha mayi wina wogulitsa nshawa pamsika wa Lundazi anandifunsa ndi mtima wowawa: "Abambo, ndinapita ku Misa ya maliro a apongozi anga ku Katolika, anandiuza kuti ndisalandire. Kodi ine sindine Mkhristu?"

Amayi, ndinu Mkhristu ndithu. Koma nkhaniyi inayamba kale, tiyeni tibwerere m'mbuyo.

Mu 1547, pa msonkhano wa ku Trent, Mpingo wa Katolika unatsimikiza kuti masakramenti ndi 7: Ubatizo, Ulimbitso, Ukaristiya, Kulapa, Kudzoza Odwala, Unsembe ndi Ukwati. Kwa iwo sakramenti si chikumbutso chabe. Madzi, mkate ndi mafuta timaziona ndi maso, koma amene akugwira ntchito m'kati mwake ndi Khristu mwini.

Inu amalonda mumvetsa msanga. K100 ndi pepala, koma imagula chifukwa cha amene anaitulutsa, Bank of Zambia. Kaya yakwinyika, kaya yadutsa m'manja mwa wakuba, mtengo wake sutsika. Ndi mmenenso sakramenti silitha mphamvu chifukwa cha zofooka za wansembe. Pamenepa ife ndi iwo timagwirizana.

Kusiyana kuli apa. Mfundo 39 za Anglican, zokhazikitsidwa mu 1571, zimati masakramenti a Uthenga Wabwino ndi awiri, Ubatizo ndi Mgonero, ngakhale enawo timawachitanso. Ndiye mu 1896 Papa Leo XIII analengeza kuti unsembe wa Anglican sauvomereza. Mabala amenewa anabwera kuno limodzi ndi amishonale. Ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, ndipo Bambo Leonard Kamungu, Mchewa wochokera ku Nyasaland, anayambitsa mishoni yathu ku Msoro, komwe anamwalira mu 1913. Makolo athu anabatizidwa mbali ziwiri za mkangano umene sanauyambitse.

Kwa a Katolika, kulandira Ukaristiya ndi kunena poyera kuti tili amodzi m'chikhulupiriro chonse, pansi pa Papa. Umodziwo sunakwanire, n'chifukwa chake amati dikirani. Si chipongwe ayi.

Koma mvetserani bwino: ubatizo wathu amauvomereza. Wa Anglican wolowa Katolika sabatizidwanso. Komanso mu 1966 Papa Paul VI anavula mphete yake n'kuiveka Arkiepiskopi wa Canterbury, Michael Ramsey, ku Rome. Kuyambira pamenepo mipingo iwiriyi yakhala ikukambirana.

Tsono mukapita ku maliro kapena ku ukwati wa ku Katolika, pitani, imbani, gwadani, pempherani. Nthawi yolandira ikakwana, khalani pa benchi popanda manyazi kapena mkwiyo. Nafenso tisanyoze zimene anzathu amazilemekeza. Ndipo Lamulungu likubwerali, musanafike pa guwa lathu, yambani mwagwirizana ndi amene munakangana naye pamsika. Werengani Mateyu 5:23-24.

Ambuye Yesu, munatibatiza ndi ubatizo umodzi. Fulumizitsani tsiku limene tidzadyere pa tebulo limodzi. Amen.